Tsindwi Latsopano la Galimoto Yanga

Nsaru ya lona yofunda galimoto yanga ya Land Rover inang'ambika mvula iri pafupi. Ndinada nkhawa kwambiri, pakuti galimotoyo ndiyo itengera odwala a m'mudzi mwathu ku cipatala, ndipo wodwala sayenera kubvumbwa pa njira.

Poyamba ndinafuna tsindwi la citsulo cokhuthala. Koma mmisiri wokalamba anandiletsa, nati, "Mwana wanga, kulemera kukacuruka pamwamba, galimoto igubuduka pa citunda." Tsono tinasankha aluminiyamu wopepuka, yemwe anapangira thupi la Land Rover kuyambira 1948, pamene citsulo cinasowa ku England itatha nkhondo.

Tinayesa ndi cingwe m'litari ndi m'lifupi mwace, ndi kujambula zonse pa pepala. Tsindwilo tinalipinda pang'ono kuti madzi atsetsereke. Pamwamba pace tinaika lina laciwiri, kusiya mpata wa zala ziwiri: dzuwa litentha lapamwambalo, mphepo nipita pakati, ndipo m'kati muzizira monga m'nyumba ya udzu. Ponse pamene aluminiyamu akomana ndi citsulo tinaikapo mphira, pakuti ziwirizi zikakhudzana pali cinyezi, aluminiyamu adyeka.

Usiku wa mvula yoyamba ndinatenga mwana wodwala malungo pamodzi ndi amace. Njira inali yamatope, galimoto inapendekeka koma sinagwe, ndipo tinafika ku cipatala osanyowa konse. Pobwerera ndinakumbukira mmisiri uja: indedi, mau a akuluakulu akoma akagonera.