Chipinda Chosagonamo Munthu

Usiku wina, ndikuthawa kuwerenga, ndinaona pa Instagram zithunzi za Kips Bay Decorator Show House ku New York. Chiyambire 1973, akatswiri okongoletsa nyumba amagawana malo, wina chipinda chogona, wina kolido, anthu n'kumalipira kuti akaone. Bedi amaliyala mochititsa kaso, koma palibe amene amagonapo. Chionetsero chikatha, katunduyo amamuchotsa.

Zinandipweteka, poti ife timagona anayi m'kachipinda kamodzi. Kenako ndinawerenga kuti ndalamazo zimathandiza ana a ku Bronx kudzera ku Kips Bay Boys & Girls Club. Mkwiyo unachepa, koma sunathe. M'mawa mwake ndinapachika chitenje cha amayi pakhoma, anzanga akuseka. Mpaka lero palibe wachichotsa.