Mlembi wa Bungwe

Anzake adamusankha kukhala mlembi wa bungwe la ophunzira maphunziro apamwamba a Chingerezi ku Howard College, mumzinda wa Durban, poti cholembera chake sichinkaphonya. Ntchito yake inali kuitanitsa misonkhano, kusunga zokambirana ndi kutolera ndalama za tiyi. Usiku ndiye ankabwerera ku kafukufuku wake wa ndakatulo za Jack Mapanje, yemwe adatsekeredwa ku Mikuyu kuyambira 1987 mpaka 1991.

Mu Epulo 2015, anthu obwera atayamba kupirikitsidwa m'madera ena a mzindawo, mlongo wake adathawira kumsasa wa matenti ku Isipingo. Mlembiyo adakwera minibasi kukamuzonda, ndipo njira yonse sadatsegule pakamwa. Chizulu chake chinali chotsimphina, ndipo Chingerezi chimene chinkamupatsa ulemu kuyunivesite chikadamuulula kuti ndi mlendo. Ndalama ya ulendo adangoipereka maso ali pansi.

M'mawa mwake bungwe lidakumana kuti lilembe chikalata chodzudzula ziwawazo. Monga achitira anthu ophunzira, adatha ola lathunthu akulimbana pa liwu limodzi, ena akuti "xenophobia", ena akuti "Afrophobia". Iye adalemba mfundo za aliyense mokhulupirika, koma za mlongo wake sadatchuleko.

Basi yotumizidwa ndi boma la Malawi itanyamuka ndi mlongoyo, iye adatsala ndi mapoto awiri ndi bulangete zimene zidalephera kulowa m'chikwama. Adazisunga pansi pa tebulo limene ankalemberapo mutu wachitatu wa kafukufuku uja.