Injini siinafe, inali kumwa chabe mphepo yakuba

Corolla yanga ni AE110 ya 1997, injini 5A-FE. Ninaigula kwa amalume ku Chelstone, ndipo inapangidwa ine nisanabadwe, ndiye nimaipatsa ulemu.

Mwezi watha inayamba misala. Ukaima pa ma robot a Manda Hill, rev yakwera kufika 1,500, yatsika, yakweranso, monga munthu wothamangira basi. Petulo nayo kutha monga tanki yabooka. Mitengo yamene ba ERB amalengeza mwezi na mwezi muidziwa mweka.

Makanika woyamba mu tauni sanasuzumire na bwino mu boneti. Ati, "Bosi, injini yalema, ifunika overhaul." Wachiwiri anachinja ma plug, n'kupotokola ka screw ka pa throttle kuti idle itsike. Ninalipira, ninakondwa. Mawa lake motoka inazima pakati pa Kabwe Roundabout, ma hutala kumbuyo monga pa ukwati.

Chamene chinaniopsa chinachitika usiku pa Burma Road ku Kabwata, nichoka ku show. Minibasi inaima mwadzidzidzi kutsogolo, naponda buleki, pedal yalimba monga mwala. Ninaima, koma kunatsala pang'ono chabe.

M'mawa mnzanga ananipereka kwa ba mudala ena amene amakonza mamotoka pansi pa mtengo wa mango. Alibe kompyuta. Anatenga chidutswa cha hosipaipi, mbali imodzi kukhutu, inayo n'kumayendetsa pa manifold injini ili kulira. Kenaka ananipatsa. "Mvera wekha, mwana wanga." Tsiiii, monga njoka.

Nkhani yake ni iyi. Pa idle throttle imakhala yotseka, ma piston akoka mphepo, ndiye mu manifold mumakhala vacuum. Vacuum yomweyo ndiyo ipita mu paipi kufika ku booster, kufewetsa buleki. Paipi ikang'ambika, mphepo ilowa cham'mbali. MAP sensor iona pressure yakwera, kompyuta iganiza kuti waponda moto, ionjezera petulo. Rev kukwera, buleki kulimba, mulandu umodzi.

Anapopera carb cleaner pang'ono pa paipi ya booster, kulira kwa injini kunasintha pomwepo. Apa chenjerani, anzanga: mankhwala aya amayaka, osapopera pafupi na exhaust yotentha. Mng'alu unali pansi pa clamp, pamene maso sangaone. Labala ya zaka zopitirira 25 imauma chabe.

Ninafuna kumanga na tepi. Ba mudala anakana, anakananso paipi wamba chifukwa imafwafwanyika vacuum ikakoka. Ananituma kukagula vacuum hose yeniyeni, mtengo wake wosafika na wa nshima na nkhuku pa lesitilanti. Ka screw kaja anakabweza pamalo pake, anatsuka throttle body, rev n'kukhala phee pafupi na 750.

Ma plug akale nikali nawo mu buti. Ba mudala ati analibe vuto.