Buku la bambo lagwa mayeso

Aphunzitsi anzanga ndi nonse amene munadutsa m'manja mwanga, pepani ndinasowa, tinali pa ntchito yochonga mayeso. Koma sabata yathayi nanenso andichongera.

Mwana wanga akufunika fizi ya ku koleji. Mnyamata wina amene ndinamuphunzitsa, pano ali ku Britain, amagulitsa mabuku akale pa intaneti. Anandiuza kuti kumeneko kuli anthu amene amalipira bwino buku likakhala la ulendo woyamba kusindikizidwa. Pomwepo ndinakumbukira limene malemu bambo anandisiyira, Of Chameleons and Gods la a Jack Mapanje, lomwe a Heinemann anatulutsa mu 1981.

Mnyamatayo anandiyendetsa ngati mwana wa Fomu 1. "Aphunzitsi, onani kuseri kwa tsamba limene pali mutu wa buku. Ngati pali chaka chimodzi chokha, popanda mawu akuti Reprinted, ndiye tili pabwino." Ndinapeza 1981 basi. Mtima unayamba kuwerengera ndalama.

Kenako tinafika pa magiredi. Ogulitsa mabuku ali ndi awo: Fine ndi buku looneka ngati silinagwiridwepo, kutsika kubwera pa Very Good, Good, Fair mpaka Poor. Chidindo cha laibulale chimatsitsa mtengo. Chimodzimodzinso dzina lolemba ndi bolopeni, selotepi, chinyontho ndi chiswe. Koma akasainapo mlembi mwini wake, mtengo umakwera.

Ndinamutumizira zithunzi. Chikuto bambo anachimata ndi pepala la khaki, guluu wochita kukhuthala, pamwamba n'kulembapo "Geography". Masamba akumapeto ali mawangamawanga ndi mvula, ena ndi akuda ndi utsi. Yankho silinachedwe: "Aphunzitsi, musakhumudwe, ili ndi Poor. Ndalama yake singagule ndi thumba la feteleza lomwe."

Ana a lero khakiyo sangaimvetse. M'zaka za m'ma 1980 bukuli linachotsedwa m'masitolo ndi m'malaibulale a kuno kwathu, ndipo mu 1987 a Mapanje anagwidwa, n'kukhala kundende ya Mikuyu popanda kuzengedwa mlandu mpaka 1991. Bambo anali mphunzitsi wa kumudzi, ana asanu owayang'ana. Kulitentha kukanakhala kwapafupi. Iwo analiveka khaki n'kulisomeka kudenga la khitchini. Mvula ndi utsi zinalipeza kumeneko.

Mnyamatayo sindikumudandaula. Wachonga motsata malamulo a ntchito yake, monga ndinkachitira ndi mapepala ake. Kungoti malo onse amene wandichotsera malikisi ndi amene anapulumutsa bukuli.

Inu amene muli ndi mabuku akale, musawamate ndi selotepi, ndipo muwasunge pouma. Langali sindigulitsa. Fizi ndikakongola kubanki mkhonde, ndipo Lolemba bukuli ndilitenga ku Fomu 4, khaki wake ali pomwepo.