Nsapato zinachedwa, ine ninapezeka mu sanga ku China

Khrisimasi yapita ninaidyela mu kachipinda ka hotela ku Xiaobei, mu Guangzhou, kuja kwamene ise ma Africa timafikila tikayenda ku oda. Ninapita na ndalama za chilimba na zina za kaloba, pulani yenze yakuti nsapato za bana zifike mu shopu yanga ku Kamwala masukulu akalibe kutsegula. Ku fakitale ananiuza ati mawa. Mawa linakhala masabata atatu. Imwe amene munatengapo kaloba mudziwa mwamene foni imalilila usiku.

Mtsikana wa chi China amene amanimasulila chitundu anaona kuti nayamba kuonda. Ati, "Sisi, fakitale siisebenza Sande, tiyeni tikaone maluwa." Ninaseka. Maluwa? Ine wa pa Chawama, na nkhongole kumutu, nilipile ndalama pa geti kuti nione mtengo? Koma kukhala nekha na mabuku a nkhongole kwenze kwanilemetsa, ninavala majuzi awili n'kumukonkha.

Tinakwela sitima ya pansi, Line 14, mpaka ku Conghua, kuchoka apo motoka ya kukwela mapili. Tinafika pa Liuxihe National Forest Park dzuwa litakwela kale. Mphepo yake ili monga ya June kuno kwathu, ija yolowa mu mafupa m'mawa.

Chamene chinayamba kunipeza ni fungo. Kununkhila kwa patali-patali, osati kwa pefyumu ya mu basi. Tikakhota so, phili lonse mbee! Mitengo ya ma plum, yamene beve amaitana meihua, ilibe tsamba olo limodzi, nthambi zakuda monga zinapsa na moto, koma zodzala tumaluwa toyela tung'ono monga ka koini. Mtengo uyu umamasula pakati pa mphepo, kumapeto kwa December na mu January, pamene inzake yagona. Ku Guangzhou snow siigwa-igwa, ndiye maluwa aya amawatcha snow yonunkhila. Mnzanga ananiuza kuti mu zojambula zao zakale plum, nsungwi na paini ni mabwenzi atatu a nyengo yozizila, chifukwa ndiwo samagonja ku mphepo. Ine ninangoti ehe, maso ali pa tugogo tovala zofiila, tukupanga mapozi pansi pa mtengo monga tili pa kitchen party. Kamodzi kananikoka dzanja ati tijambulitse. Mafoto anga ali mu mafoni ya banthu amene sinizakaonanso.

Masana tinapitilila ku Shimen, paki inangu ya mu mapili amodzimodzi, kwamene banthu amathamangila masamba ofiila. Apa ndiye pananigwila. Ninaimilila, napenya phili lofiila na chikasu, mumtima nati: izi nizidziwa. Ni Great East Road mu September, ukapita Rufunsa kuyenda ku Luangwa, pamene mitondo na miombo yavala masamba atsopano, ofiila monga nyama ya pa butchery. Kusiyana n'kwakuti kuja tsamba limafiila likafuna kugwa, kwathu limafiila likangobadwa, mvula ikalibe na kubwela.

Njila ija napitamo kangati kuyenda kumudzi ku Nyimba? Sininauzepo dilaiva kuti imani nijambule. Timaima chabe pogula nsomba pa Luangwa na masaka a malasha, ndipo malasha yamene ayo ni mitengo imeneyo. Sininganene zambili, fizi yanga ya Grade 9 inachoka mu uvuni wa malasha wa atate. Koma kuona mzele wa banthu alipila kuti aone chamene ise timaotcha, ninakhala zii mpaka mnzanga anafunsa ngati nadwala.

Madzulo ninatumila amai foto pa WhatsApp ya mng'ono wanga. Yankho inabwela na mau ao: "Iwe, si pa Kacholola apa? Nanga katundu wa eni ake?"

Katundu unachoka pa 9 January. Masukulu anatsegula nsapato zili pa nyanja, ndipo wa kaloba nikali kumulipila.