Buku Lakale ndi Mtengo wa Msangu

Masiku ano aliyense amene ali ndi khonde ndi kabolodi akudzitcha mphunzitsi wa pakhomo. Amafotokopa mapepala akale a mayeso a Sitandade 8, kuloweza ana mayankho ngati zinkhwe, n'kumalipiritsa motchipa. Ndiye kholo likamva mtengo wanga limati, "Aphunzitsi, komatu kwa aujeni ndi theka la pamenepa." Zimandiwawa. Ndaphunzitsa ana m'makomo mwawo kuno ku Lilongwe zaka zoposa 20, ndipo zida zanga ndi ziwiri basi: buku lakale ndi tchire.

Za kulemba malemba ndi masamu sindichulukitsa gaga, zimenezo aliyense amazidziwa. Ntchito yagona apa: ndimawerenga ndime kamodzi kokha, ndikutseka buku, mwana n'kundifotokozera m'mawu akeake. Sabata zoyamba amangoyang'ana pansi, kukanda m'mutu. Mphunzitsi wopupuluma amamuthandiza, ndipo pomwepo waononga zonse, chifukwa mwana akazolowera kuti mubwereza sadzatcheranso khutu. Muyenera kupirira chete ameneyo. Ndimayambira pa Nthondo wa Samuel Ntara, buku la 1933 lija limene T. Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Chichewa chake n'chakale, kalembedwe kakenso n'kakale, koma mwana amafuna kumva kuti mnyamata wosamva uja zimuthera bwanji. Akakhwima timalowa mu Kukula ndi Mwambo, buku la Gwengwe. Mabukuwa akusowa, anga ndinawamata ndi selotepi mpaka zikuto zinalimba ngati chikopa.

Luso limeneli, pamodzi ndi la tchire, ndinalitenga kwa mphunzitsi wanga wa ku pulayimale, mkulu wina amene anaphunzira uphunzitsi ku Nkhoma. Anali wamtali, wa njinga yakuda yolira tcheni, ndipo jekete sankavula ngakhale mu Okutobala. Tsiku lina m'chilimwe anatitengera kudimba, natiimika pansi pa msangu wobiriwira. "Jambulani," anatero, osaonjeza kanthu. Mu Januwale, mvula ili pakati, tinabwererako. Mitengo yonse inali gwaa masamba, koma msangu uli mbee, wayoyola. "Ana inu, mwaona chiyani?" Tinasowa chonena. Ndi mtsikana wina wamanyazi amene anati chimanga cha pansi pake chanenepa kuposa china. Mkuluyo anavula chipewa, namuthokoza ngati munthu wamkulu. Kenaka anatifotokozera kuti masamba oyoyokawo ndiwo manyowa, ndipo poti mtengo ulibe mthunzi nthawi ya dzinja, dzuwa limafika pa mbewu. Mpaka lero ndikaona msangu ndimaona chipewa chija.

N'chifukwa chake mwana aliyense amene ndimaphunzitsa ali ndi kope la zachilengedwe. Amalembamo tsiku limene ngumbi zatuluka, mwezi umene masuku apsa, utomoni wofiira ngati magazi wa mlombwa, kulira kwa pumbwa m'mawa. Sindilola kukopera chithunzi pa foni. Ajambule chimene maso ake aona, ngakhale chipindike.

Makolo ena amadandaula kuti mwana wabwera ndi chisoso m'masokosi, ena amalipira mwezi utapita kale, n'kufunsanso ngati adzakhoze mayeso. Amakhoza ndithu, chifukwa mwana wodziwa kumvetsera ndi kupenyetsetsa funso silimuzunguza. Inu makolo, musanakambe za mtengo, bwerani mudzakhale nafe m'mawa umodzi pansi pa msangu, mudzamve mwana wanu akufotokoza yekha.