Mnyamata wa mu Garden pa Mpikisano wa Sikwashi ku Cape Town

Anthu ambiri a muno mu Garden sanaonepo masewera a sikwashi ndi maso ao, ndipo palibe amene angawadzudzule. Mpira wa miyendo umaseweredwa poyera, pamene ali yense wodutsa m'njira angaime ndi kupenyerera, koma sikwashi ndi masewera obisika. Anthu awiri amatsekeredwa m'cipinda ca makoma anai, ca mamita 9.75 m'litali ndi mamita 6.4 m'lifupi, namenyetsa kampira kakuda kukhoma mosinthana kufikira mmodzi atalephera kukabweza. Cipindaco cimakhala mkati mwa kalabu, kalabu imakhala mkati mwa mpanda, ndipo pacipata pamakhala mlonda. Mwana wa m'komboni wofuna kudziwa masewerawa amalowera pakhomo la anchito.

Ine ndinalowera pakhomo lomwelo. Amalume anali kusamala mabwalo pa kalabu ina ya kumayadi, ndipo ndikaweruka kusukulu ndinali kuwathandiza kukolopa pansi ndi kupukuta mawanga akuda amene kampira kamasiya pakhoma. Mabwana akapita kukamwa, amalume anali kundipatsa laketi yothyoka imene mwini wake anataya, nati, "Sewera msanga, mphwanga, magetsi ndizima posacedwa." Mmwenye wina wacikulire wa pa kalabupo atandiona, anandisimbira za Hashim Khan wa ku Pakistan, amene anayamba monga wotola mipira pa kalabu ya akuluakulu a asilikali a Britain ku Peshawar, namasewera wosabvala nsapato eni ake akacoka. Munthu ameneyu anapambana mpikisano wa British Open mu 1951, ndipo anaupambana kasanu ndi kawiri konse pamodzi. Nkhaniyi inandikhala mumtima zaka zambiri.

Awerengi acinyamata adziwe kuti dziko lathu silinali mlendo pa masewera amenewa. Makampani a migodi ya kopa anamanga mabwalo ku Kitwe, Mufulira, Chingola ndi Luanshya, ndipo titalandira ufulu mu 1964 ana a anchito a pa mgodi anayamba kulowamo. M'zaka za m'ma 1980 dzina la Simon Gondwe linali pakamwa pa ali yense wogwira laketi m'Zambia. Koma pamene ine ndinakula, ca kumapeto kwa zaka za m'ma 1990, migodi inali kugulitsidwa, makalabu ambiri anali kufooka, ndipo wosewera wofuna kupita kunja anali kudzifunira yekha ndalama. Ndinali kudya za sikwashi ndithu, pophunzitsa mamembala, pomanga zingwe za malaketi ao, ndi posewera ndi mabwana amene anali kulipira pa ola. Koma ndalama zotere zimakwana unga ndi lendi cabe.

Nditalandira malo pa mpikisano wa maiko ku Cape Town, amai ndiwo anandiyendetsa. Iwo anali kugulitsa repu ndi cibwabwa pamsika, ndipo mwezi umenewo inali nthawi yao yolandira cilimba, ndalama zimene anafuna kugulira malata a nyumba. Anazimasula pa nsonga ya citenje usiku, tonse titadya, nati, "Tenga, mwananga. Walira mvula walira matope. Denga lidikira." Sindinathe kuyankha, ndinagwada ndi kulandira ndi manja awiri.

Za ndege sitinaganizeko nkomwe. Ndinakwera basi pa Intercity, kudzera ku Chirundu, Harare ndi Beitbridge kufikira ku Johannesburg, ndipo kumeneko ndinakwera ina yopita ku Cape Town, ulendo wa makilomita pafupi-fupi 3,000. Ndalama zogonera zinali zowerengeka, cotero ndinalinganiza kuti ndikafike madzulo, mawa lake ndi kusewera. Ndinatsika basi mapazi atatupa, msana utauma ngati thabwa. Inali nyengo ya dzinja la kumeneko, mvula yozizira ilikugwa ndi mphepo yocokera kunyanja.

Apa ndiyenera kulongosola za kampira, cifukwa nkhani yonse yagona pamenepa. Kampira ka sikwashi ndi ka mphira, kopanda kanthu mkati, ndipo kakazizira sikadumpha konse. Mukakagwetsa pansi kamangokhala pomwepo ngati cibuma. Osewera amakatenthetsa pokamenya mwamphamvu asanayambe kuwerenga mapointi. Tsono mzinda wa Lusaka uli pamtunda wa mamita oposa 1,200 kucokera pa nyanja yamcere. Mpweya wathu ngwopepuka, ndipo kampira kamathamanga ndi kudumpha kwambiri. Ici ndico cifukwa cake ife a kuno timaphunzira kumenya mwamphamvu, kukankhira mnzathu kumbuyo, ndi kupirira mpaka iye atatopa. Cape Town ali m'mbali mwa nyanja. Mpweya wake ngwolemera, ndipo m'bwalo lozizira kampira komweko kamasanduka kena. Dzanja limene laphunzira zaka khumi kumenya mwa muyeso wa ku Lusaka silingasinthe m'mphindi zisanu zimene anali kupereka nthawi imeneyo zotenthetsera kampira.

Mnzanga amene ndinakomana naye anali mnyamata wa ku England, wocepa thupi, waulemu ndithu. Tilikubvala nsapato anandiuza kuti anafika masiku anai apitawo ndipo anali kusewera m'bwalo lomwelo m'mawa ndi madzulo. Kuwerenga nakonso kunali kwina. Kwathu tinazolowera kuwerenga mpaka 9, ndipo pointi inali kupita kwa woyambitsa kampira yekha, kotero kuti munthu akalakwa anali ndi mpata wodzikonza. Pa mipikisano ya akatswiri nthawi imeneyo anali kuwerenga mpaka 15, ndipo kulakwa kuli konse kunali pointi ya mnzako. Masiku ano amalekezera pa 11, ndiye kuti mpata wacepanso.

Ndinamenya monga ndimamenyera kwathu. Kampira kamene ku Lusaka kakanafika pangondya ya kumbuyo ndi kufera komweko, kuno kanali kugwera pakati pa bwalo, pamene Mngelezi uja anaima alikudikira. Iye sanali kumenya mwamphamvu ai. Anali kungokakhudza, ndipo kanali kukagwa patsogolo, pamwamba pang'ono pa lata la m'munsi mwa khoma, nkukhala osadzukanso. Ine ndinali kuthamanga kucokera kumbuyo ndi miyendo imene inapindika m'basi masiku awiri ndi theka. Cinthu cimodzi cokha cinali kumbali yanga: munthu wocokera kumtunda akatsikira kunyanja amakhala ndi mpweya wambiri m'cifuwa, ndipo ndikanatha kusewera maola awiri osapuma wefuwefu. Mnzangayo anazindikira zimenezi msanga, ndipo sanalole kuti kampira kakhalitse m'mwamba. Anapambana zigawo zitatu zonse, ndipo ola lisanakwane ndinali pansi pa mpopi wa madzi otentha, ndilikuganiza za malata a amai. Wogonja pa ndime yoyamba yotere salandira ngakhale ngwee imodzi.

Tikiti yanga yobwerera inali ya pambuyo pa masiku anai, cotero ndinatsala. Mkulu wina wosamala mabwalo kumeneko, amene nchito yake inali yofanana ndi ya amalume, anandilola kulowa m'mawa anthu asanabwere. Tsiku loyamba ndinamenya ndekha, ndilikukweza kampira pang'ono pakhoma kuti kafike kumbuyo. Tsiku laciwiri miyendo inamasuka. Tsiku lacitatu mnyamata wina wa ku Egypt, amene anali atapambana kale kawiri pa mpikisanowo, anafuna munthu woyeserera naye, ndipo mkulu uja anandiloza. Tinasewera zigawo zinai, iye anatenga ziwiri, ine ziwiri. Sindikunena kuti ndikanapambana mpikisano. Kuyeserera ndi kwina, mpikisano ndi wina. Koma munthu amene anasewera Lacisanu sanali yemwe uja anasewera Laciwiri, ndipo cimene cinawasiyanitsa cinali mtengo wa malo ogona masiku atatu.

Nkhani imeneyi imandibvuta ndikamva anthu akunena kuti osewera athu amangopita kukaona maiko. Iwo amawerenga zotsatira m'nyuzipepala, koma nyuzipepala silemba tsiku limene munthu anafika, kapena cimene anakwera, kapena cimene anadya. Patrick Chifunda, Lazarus Chilufya ndi Kelvin Ndhlovu anaimirira Zambia pa masewera a Commonwealth, kumene sikwashi inalowa mu 1998 ku Kuala Lumpur, ndipo anakomana ndi anthu amene amayenda ndi aphunzitsi ao ndi owatikita minofu. Kuti mwana wa Zambia aime m'bwalo limodzi ndi anthu otere, ndiye kuti wadutsa kale zambiri zimene openyerera saona. Amene ali ndi mtima wothandiza wosewera, kaya ndi kampani kaya ndi munthu wamalonda, asalekezere pa tikiti ndi jekete lolembedwa dzina la dziko. Awonjezepo masiku atatu.

Mu Okutobala 1923 palibe akanalota zimenezi, koma mu Okutobala 2023, pa msonkhano wao ku Mumbai, akuluakulu a masewera a Olympic anabvomereza kuti sikwashi idzaseweredwe ku Los Angeles mu 2028. Ndinaseka nditamva, pokumbukira kuti Lusaka Club, kumene kuli mabwalo ena akale a mumzinda uno, ili pa mseu wochedwa Los Angeles Boulevard. Malo adzakhala ocepa, amuna 16 ndi akazi 16, ndipo muno mu Africa a ku Egypt ndiwo ali patsogolo kutali, kuyambira pamene Amr Shabana anakhala katswiri wa dziko lonse mu 2003. Los Angeles nayenso ali m'mbali mwa nyanja.

Ndalama za amai ndinabweza pang'onopang'ono pomanga zingwe za malaketi, ndipo nyumba inafoleredwa mvula yaciwiri isanagwe. Tsopano mawondo anandikana, koma Loweruka liri lonse ndimatenga ana asanu ndi mmodzi kuseri kwa shopu ina ya owocherera zitsulo pafupi ndi mseu wa Katima Mulilo, pamene pali khoma losalala ndi simenti pansi. Tinajambula mizere ndi penti yofiira, ndipo mwini shopu anatikhomera lata m'munsi kuti kampira kakagunda pamenepo kazimveka. Makoma a m'mbali kulibe, cotero ana awiri amaima uku ndi uku kuchinga kuti kasagwere m'ngalande, pakuti tili ndi timipira titatu cabe. M'mwezi wa Juni ndimawaitana mbandakuca, kuzizira kusanathe, ndipo kampira ndimakagoneka panja usiku wonse m'mbale ya madzi.